Ku Santa Fe mbiya imayenda ndi dzina la woiumba

Pakati pa Julaye ndi Ogasiti chaka chilichonse, mzinda wa Santa Fe m'chigawo cha New Mexico ku America umachititsa misika itatu ikuluikulu ya ntchito zamanja. Mzindawu ndi waung'ono, anthu ake ndi pafupifupi 90,000, koma pa sabata ya msika waukulu alendo amachuluka kuposa eni mudzi. Nawa mafunso amene munthu wofuna kukaona, kapena wongofuna kumvetsa, angakhale nawo.

Misika itatuyi ndi iti, ndipo imasiyana pati?

Woyamba kubwera ndi International Folk Art Market, m'mwezi wa Julaye. Uwu ndiye wakhanda pa yonse, unayamba mu 2004, ndipo umaitana amisiri oposa 100 ochokera m'mayiko pafupifupi 50. Kumapeto a mwezi womwewo kumakhala Spanish Market, wa zidzukulu za anthu olankhula Chisipanishi amene anakhazikika m'derali zaka 400 zapitazo. Kenaka, Loweruka ndi Lamulungu lachitatu la Ogasiti, kumabwera Indian Market, womwe ndi waukulu ndiponso wakale kuposa inzake. Dzinali lisakusokonezeni: si msika wa amwenye, ndi wa eni nthaka a ku America ndi ku Canada, monga a Navajo, a Hopi ndi anthu a m'midzi 19 ya Pueblo ya ku New Mexico komweko, kuphatikizapo a Zuni. Amisiri pafupifupi 1,000 a mitundu yoposa 200 amayala katundu wawo m'matenti ozungulira bwalo la pakati pa mzinda, lotchedwa Plaza, mpaka kusefukira m'misewu yoyandikana nalo.

Chimene chimaigwirizanitsa itatuyi n'chakuti kawirikawiri wogulitsa ndi yemwe anapanga chinthucho. Palibe venda wokaoda kwina n'kudzagulitsa. Amene wakhala kuseri kwa tebulo ndiye anakumba dongo, ndiye anasula siliva, ndiye anapota ubweya wa nkhosa.

Indian Market unayamba bwanji?

Sunayambe mokoma monga mmene mapepala oitanira alendo amaufotokozera. Njanji itafika ku New Mexico cha m'ma 1880, apaulendo anayamba kugula tinthu tachikumbutso pa masiteshoni. Oumba mbiya, poona kuti mzungu wa m'sitima alibe nthawi yosankha, anayamba kuumba timiphika ting'onoting'ono ta changu, totchipa. Akuluakulu a Museum of New Mexico, makamaka Edgar Lee Hewett ndi Kenneth Chapman, anaona kuti luso lakale likutha, ndipo mu 1922 anakonza chionetsero chokhala ndi mphoto kuti amisiri abwerere ku ntchito yosamalitsa.

Cholinga chinali chabwino, koma taonani yemwe anagwira chiwongolero. Azungu ndiwo ankaweruza kuti mbiya yabwino ya Pueblo ndi iti, ndipo m'zaka zoyambirira ndiwo ankagulitsa katunduyo m'malo mwa eni ake. M'zaka zomwezo boma la America linkaletsa magule ena a anthuwa ndi kutengera ana awo ku sukulu zogonera konko kuti akaiwale chilankhulo chawo. Mbiya inkalandira mphoto pamene woiumba analibe ufulu wovota, poti eni nthaka a ku New Mexico anaupeza ufuluwo mu 1948 kudzera kukhoti.

Zinthu zinatembenuka mu 1936, pamene msika unatuluka m'nyumba n'kukakhala pakhonde la Palace of the Governors, nyumba yoyang'anizana ndi Plaza, amisiri n'kuyamba kulandira okha ndalama m'manja. Kwa ine chaka chimenechi n'chofunika kuposa 1922, chifukwa ndi pamene wogula anayamba kuyang'anizana maso ndi maso ndi wopanga. Lero msikawu uli m'manja mwa bungwe la Southwestern Association for Indian Arts, mwachidule SWAIA, ndipo mu 2022 unakwanitsa zaka 100.

Akuti anthu amafika usiku kudzadikira. N'zoona?

N'zoona, ndipo chifukwa chake ndi mphoto. Msika usanatsegulidwe, amisiri amapereka ntchito zawo zapamwamba kwa oweruza, m'magulu monga zoumba, zasiliva ndi miyala, zoluka, zosema, zojambula, nsalu ndi mikanda. Lachisanu amalengeza opambana, kuphatikizapo mphoto yaikulu ya Best of Show. Madzulo a tsikulo okonda kusonkhanitsa zaluso amakaona zonse zimene zapambana, aliyense n'kusunga mumtima nambala ya tenti imene akufuna.

Kukamacha Loweruka, mdima ukadalipo, mumapeza anthu atakhala pa mipando yopinda kutsogolo kwa tenti yopanda kanthu, atafunda mabulangete, kapu ya khofi m'manja. Ena amalemba mayina papepala kuti pasakhale kulimbana za yemwe anayamba kufika. Mmisiri amafika ndi abale ake atanyamula makatoni, n'kuyamba kumasula mbiya imodziimodzi m'nsalu zofewa, odikirawo maso ali tong'o. Pali amisiri amene pofika 9 koloko tebulo lawo limakhala lili mbee, ntchito ya chaka chathunthu yatha m'maola awiri.

Mphotoyi imasintha moyo wa munthu. Barbara Teller Ornelas, woomba nsalu wa mtundu wa Navajo, anapata Best of Show mu 1987 ndi mu 1991. Jamie Okuma anaipata mu 2000 ali ndi zaka 22 zokha, n'kudzaipatanso mu 2002 ndi 2012. Mayina awo tsopano ali m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zaluso.

Koma musaganize kuti msika wonse ndi wa anthu a matumba akuya. M'matenti ambiri muli ndolo, mphete ndi timiphika ta mtengo woti munthu wamba angakwanitse, ndipo kuyenda m'misewumo n'kumaona salipiritsa.

Mbiya yadongo ingafike bwanji pa madola masauzande?

Tiyeni tiione mbiya yakuda ya ku San Ildefonso kapena Santa Clara kuyambira pachiyambi. Banja limapita kokumba dongo kumalo amene makolo awo ankakumba. Dongolo amaliyanika, kulisinja, kulisefa, kuliviika, n'kulisakaniza ndi phulusa la mapiri ophulika kuti lisang'aluke pamoto. Saumbira pa makina ozungulira. Amapota dongo ngati chingwe n'kumalisanja mzere pamwamba pa mzere, akusalaza ndi chibade cha mphonda. Mbiya ikauma amaipala, n'kuipaka madzi a dothi lofiira kangapo, ndipo isanaumitsitse amayamba kuikulungiza ndi kamwala kosalala. Aliyense amene anaonapo agogo akukulungiza mtsuko ndi nkhulungo adzaizindikira ntchitoyi, kungoti kuno imatenga maola ambiri osapumira, ndipo dzanja likaterereka kamodzi n'kukanda, ayambirenso. Timiyala timeneti timasiyidwa ngati chuma, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana.

Kuda kwake kumabwera pomaliza. Amawotchera panja, pa nkhuni ndi ndowe zouma. Moto ukafika pachimake amaufotsera ndi ndowe zoperapera kuti mpweya usalowe, ndipo utsi wotsekeredwawo umasandutsa dothi lofiira lija kukhala lakuda bii, lonyezimira popanda vanishi. Mphepo ikawomba molakwika, kapena m'dongo mukatsala kampweya, mbiya imaphulika n'kuswanso zinzake. Choncho mtengo wa mbiya imodzi umanyamulanso zija zinasweka.

Komabe thukuta lokha silifikitsa mtengo pamenepo. Chinanso ndi dzina. Maria Martinez wa ku San Ildefonso ndi mwamuna wake Julian, cha m'ma 1919, anapeza njira yojambula maluwa akuda osawala pa mbiya yakuda yowala. M'zaka za m'ma 1920 Maria anayamba kulemba dzina lake kunsi kwa mbiya, chinthu chomwe sichinali m'mwambo wa kwawo, kumene mphika unali wa pakhomo basi. Kuyambira pamenepo ogula anasiya kufunsa "mbiya ya Pueblo" n'kuyamba kufunsa "mbiya ya Maria". Iye anamwalira mu 1980, koma zidzukulu za banja lake zikuumbabe, ndipo wogula amatembenuza mbiya kuti aone kunsi asanafunse mtengo.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti chimene ndikugula n'chenicheni?

Mkati mwa msika wa SWAIA nkhawa ndi yochepa, chifukwa wogulitsa aliyense anaonetsa umboni wakuti ndi wa mtundu wodziwika ndi boma, ndipo pali oyendera matenti kuona ngati malamulo akutsatidwa. Vuto lili kunja, m'masitolo ndi m'mahotela amene amadzaza ndi katundu sabata yomweyo.

America ili ndi lamulo la 1990, Indian Arts and Crafts Act, loletsa kugulitsa chinthu monamiza kuti chinapangidwa ndi mwini nthaka pamene sichoncho. Wolakwa koyamba angalipitsidwe mpaka madola 250,000, kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 5, kapena zonse ziwiri. Kampani ingalipitsidwe mpaka madola 1,000,000. Kwa nthawi yaitali lamuloli linkangouwa osaluma. Mu 2015 apolisi a boma anachita chipikisheni m'masitolo a ku New Mexico n'kupeza zibangili ndi mphete zosulidwa ku Philippines zikugulitsidwa ngati za a Navajo, ndipo mu 2018 mwini sitolo wina anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 6.

Pa miyala ya turquoise, ija yobiriwira yomwe imakongoletsa siliva wa kuderali, mpamene alendo ambiri amapusitsidwa. Ulipo mwala wachilengedwe, wongodulidwa ndi kupukutidwa. Ulipo wofewa umene amaulimbitsa ndi mankhwala a pulasitiki, womwe si wachinyengo ngati wogulitsa wanena poyera. Ndiye palinso wongopanga, pulasitiki yopakidwa mtundu kapena mwala wina woyera wonyikidwa mu utoto. Funsani kuti mwalawo ndi wa mgodi uti, ndipo ngati unathiridwa mankhwala. Tembenuzani chibangili muone chidindo cha wosula. Pemphani risiti yolembedwa dzina la mmisiri, mtundu wake ndi zipangizo zake. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi mafunso otere. Ndipo sitolo yopachika chikwangwani chakuti mitengo yatsitsidwa ndi theka chaka chonse, ingoidutsani.

Chenjezo lina: chilichonse chokhala ndi nthenga za chiwombankhanga sichigulitsidwa, malamulo a dzikolo amaletsa.

Kodi kunenerera mtengo n'kololedwa?

Palibe lamulo loletsa, koma si khalidwe la pamalopo. Ife tinazolowera kuti wogulitsa ziboliboli amayambira kumwamba, wogula pansi, n'kukakumana pakati onse akuseka. Ku Indian Market mtengo wolembedwa ndiwo mtengo. Kuuza mayi amene waomba chofunda miyezi isanu ndi umodzi kuti adule pakati ndi kumunyoza, ndipo iye sadzakukalipirani. Adzangokhala chete n'kuyang'ana kumbali, inu n'kudzimvera nokha manyazi. Chimene mungachite ndi kufunsa mwaulemu ngati ali ndi kanthu kena kogwirizana ndi thumba lanu. Lamulungu masana, msika ukamatha, amisiri ena amatsitsa okha posafuna kubwerera ndi katundu, koma zisiyeni zichokere kwa iwo.

Ndani amasankha woti agulitse, ndipo palibe madandaulo?

Madandaulo ndiye osayamba. Mmisiri amatumiza zithunzi za ntchito yake, gulu la oweruza n'kupereka mamalikisi, ndipo opempha malo amachuluka kuposa matenti. Kwa zaka zambiri panali dongosolo lakuti amisiri akale, amene anaumanga msikawu, anali ndi malo awo okhazikika osapikisananso. Dongosololi litathetsedwa, nkhalamba zina zimene zinagulitsa pa Plaza kwa zaka makumimakumi zinapezeka zili panja. Mu 2018 kunabadwa msika wina chapafupi, Free Indian Market, wopereka malo kwa otere osawalipiritsa. Ngati mwapita ku Santa Fe sabata imeneyo, musauphonye.

Mkangano wozama ndi wa zimene zimayenera kutchedwa zachikhalidwe. Kodi mbiya yowotchera mu uvuni wamagetsi ipikisane ndi yowotchera pa ndowe? Nanga wachinyamata wojambula pa kompyuta, kapena wosoka mikanda pa nsapato za fashoni? Ku Santa Fe komweko kuli sukulu ya Institute of American Indian Arts, yotsegulidwa mu 1962, imene yatulutsa mibadwo ya amisiri okana kuuzidwa kuti luso la mtundu wawo linaima m'chaka cha 1900. Msika unayankha pogawa magulu: zoumba za njira yamakolo pazokha, zamakono pazokha, malinga wopanga anene zoona za mmene anapangira. Kuyambira 2014 pali ngakhale chionetsero cha zovala zamakono, chomwe matikiti ake amatha msanga.

Ine ndili kumbali ya achinyamatawo. Mbiya yakuda ya Maria, imene lero anthu amailumbirira kuti ndiyo mwambo weniweni, inali yachilendo m'masiku ake. Mlendo amene amafuna kuti mwini nthaka azingopanga zomwe agogo ake ankapanga amakhala akufuna chithunzi cha m'mutu mwake, osati munthu amene waima patsogolo pake.

Spanish Market ndi wotani?

Ndi wocheperapo ndiponso wodekha. Unayamba mu 1926, unazilala kwa zaka zingapo, n'kudzukanso mu 1965. Zambiri ndi za chipembedzo cha Chikatolika: zithunzi za oyera mtima zojambula pa thabwa, zotchedwa retablos, ndi zosema zake, zotchedwa bultos. Palinso zokongoletsa za malata okhomedwa timabowo, mitanda yomatidwa mapesi a tirigu owala ngati golide, mipando, ndi nsalu zopeta ndi ubweya. Amisiri ena amapangabe utoto wawo kuchokera ku dothi ndi zomera, vanishi kuchokera ku utomoni wa mtengo wa paini. Lamulungu m'mawa kumakhala Misa ku tchalitchi chachikulu cha St. Francis, kumene amisiri amabweretsa ntchito zawo kuti zidalitsidwe. Ofuna zamakono amakhotera mu msewu wa Lincoln, momwe mumakhala Contemporary Hispanic Market masiku omwewo.

Ku International Folk Art Market kumapezeka a ku Africa? Mmisiri wa kwathu angalowe?

Amapezeka. Madengu a amayi a Gahaya Links a ku Rwanda anatchuka kumeneko, chimodzimodzi mbale zolukidwa ndi mawaya a telefoni za Azulu a ku South Africa, pambali pa nsalu za ku Uzbekistan, India, Guatemala ndi Peru. Msikawu unakhala zaka zambiri pa Museum Hill, pafupi ndi Museum of International Folk Art, ndipo mu 2023 unasamukira ku Railyard Park. Mosiyana ndi iwiri ija, uwu ndi wolowa ndi tikiti, ndipo tikiti ya m'mawa kwambiri ndi yodula chifukwa olowa msanga ndiwo amasankha zabwino. Gawo lalikulu la ndalama zogulitsa limapita kwawo ndi mmisiri, ndipo anthu ongodzipereka mazanamazana amathandiza kumasulira, kulemba marisiti ndi kunyamula katundu.

Khomo ndi lotsegukira aliyense, koma ndi lopapatiza. Pempho limatumizidwa miyezi yambiri msika usanafike, ndi zithunzi zooneka bwino komanso mbiri ya luso lanulo: munaphunzira kwa yani, zipangizo mumazitenga kuti, anthu a kwanu amachigwiritsa ntchito yanji. Mukasankhidwa patsala viza, tikiti ya ndege ndi mtengo wotumizira katundu, zomwe n'zolemetsa munthu payekha. N'chifukwa chake ambiri amapita ngati gulu kapena kopaletivi. Osema aziganiziranso za mtengo umene akugwiritsa ntchito: phingo ali m'gulu la mitengo imene kuyambira 2017 malonda ake a kunja amayang'aniridwa ndi pangano la CITES, ndipo wotumiza wochuluka amafunika chilolezo.

Chopinga chachikulu, mmene ndikuonera, si luso. Amene anaonapo zosema za ku KuNgoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, sangakayike za manja a amisiri athu. Koma pitani pa msika wa ziboliboli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunyanja, munyamule mpando wa mfumu kapena bawo, mufunse kuti anasema ndani. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti "anyamata ena ake kumudzi". Njovu makumi asanu zofanana, zopanda dzina, zimapikisana pa kutchipa basi. Oweruza a ku Santa Fe safuna njovu yoteroyo. Angakopeke msanga ndi lichero, nsengwa kapena mkeka wolukidwa mwaluso ndi munthu wodziwika dzina ndi mudzi, zinthu zimene ife timaziona ngati za kukhitchini chabe.

Kafikidwe ndi nyengo zili bwanji?

Ambiri amatera pa bwalo la ndege la Albuquerque, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, n'kukwera galimoto kapena sitima ya Rail Runner. Malo ogona a sabata ya Indian Market amatha miyezi ingapo nthawi isanakwane ndipo mitengo imakwera, choncho ena amagona ku Albuquerque n'kumalawirira. Santa Fe ili pamtunda wa mamita oposa 2,100: munthu amachita befu msanga, dzuwa limawotcha khungu ngakhale kukuzizira, ndipo masana a Julaye ndi Ogasiti mvula ya mabingu imagwa mwadzidzidzi. Chipewa, botolo la madzi ndi nsapato zoyendera n'zokwanira. Njala ikakupezani, fungo la tsabola wobiriwira wowotcha ndi la frybread, chitumbuwa chachikulu chophwatalala chokazinga m'mafuta, lidzakulondolerani lokha.

Pali zoyenera kupewa?

Musanyamule mbiya musanapemphe, ndipo mukaloledwa igwireni ndi manja awiri kunsi, osati pamlomo. Mphete zanu zingakande ntchito ya masabata ambiri. Musajambule munthu kapena katundu wake osapempha; amisiri ambiri anaonapo maluwa awo atabedwa pa chithunzi n'kukasindikizidwa pa nsalu za m'fakitale. Mukafunsa tanthauzo la chizindikiro china, mmisiri n'kuyankha mozemba, musaumirire, chifukwa zina ndi za kumwambo ndipo sizikambidwa ndi alendo. Midzi ina ya Pueblo imalola alendo pa masiku a zikondwerero zawo, monga Santo Domingo pa 4 Ogasiti ndi Santa Clara pa 12 Ogasiti. Kumeneko kamera ndi foni zikhale m'thumba, ndipo gule akatha saombera m'manja, poti ndi pemphero.

Nanga ndikafika mwezi wina, misika itatha?

Simunataye zonse. Pakhonde lija la Palace of the Governors, nyumba ya mu 1610 yoyang'anizana ndi Plaza, amisiri a eni nthaka amakhalapo pafupifupi tsiku lililonse la chaka, katundu atayala pa nsalu pansi. Malo ndi ochepa, choncho m'mawa uliwonse amachita maere kuti aone okhala tsikulo. Ali ndi komiti yawo yoona kuti chilichonse chapangidwa ndi wogulitsayo kapena a m'nyumba mwake, ndipo chili ndi chidindo cha wopanga. Mitengo ndi yotsikirapo kuposa ya m'masitolo oyandikana nawo. Muyenera kunjuta kuti muone bwino, ndipo pambuyo panu sipakhala mzere wokukankhani, choncho mungafunse za mgodi wa mwala uja mpaka mutakhutira.